Kuguba ndi mlongo wanga ku Johannesburg Pride

Lachitatu

Ndege inatera pa OR Tambo dzuwa litapendeka. Mlongo wanga wamng'ono anali atandilembera kale malangizo pa WhatsApp: musakwere galimoto ya aliyense wokuitanirani pakhomo, ingotsatirani zikwangwani za Gautrain. Sitimayi inayamba kuyenda mu Juni 2010, mpikisano wa mpira wa dziko lonse utangotsala pang'ono kuyamba, ndipo kuchoka pabwalo la ndege kukafika ku Sandton ndi mphindi pafupifupi 15. M'katimo saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu, ndipo alonda ake sachita manyazi kukuuza.

Ndabwera chifukwa anandipempha. Chaka chatha ananena mongodutsa, ine n'kumva ngati nthabwala. Chaka chino ananena mawu ake onse: "Achemwali, ndikufuna tsiku lina ndidzayende pamsewu m'bale wanga ali pambali panga." Perete wa Johannesburg Pride, momwe amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo ndi owachirikiza amaguba poyera, achitika Loweruka likubwerali. Zaka zaposachedwazi wakhala akuchitika kumapeto kwa Okutobala, kumbali ya Sandton.

Pasiteshoni anabwera awiri, iye ndi alamu, mwamuna amene wakhala naye zaka zingapo tsopano. Alamu ndi a konkuno, anakulira chakum'mawa kwa mzinda, kufupi ndi KwaThema. Ndi munthu wofatsa koma wa mtsutso, ndipo chikwama changa analanda ndisanamalize n'komwe kupereka moni.

Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Ndinazindikira pokwera masitepe a nyumba yawo, mpweya ukundithera ngati ndathamanga. Alamu akuti dzuwa la kuno limawotcha khungu ngakhale kamphepo kakuzizira, ndiye Loweruka ndisadzayerekeze kutuluka wopanda chipewa. Mitengo ya jakaranda yachita maluwa, misewu ina yonse bii ndi mtundu wofiirira. Madzulo kunachita mabingu, mvula n'kugwa kanthawi kochepa, kenako kumwamba kunayera ngati sikunachitike kanthu. Akuti ndi mmene zimakhalira nyengo ino.

Ndatopa. Mawa akuti tikaona khothi.

Lachinayi

Ndinkaganiza kuti kukonzekera Pride ndi kugula zovala zowala. Mlongo wanga anaganiza zina: anandikwezera ku Constitution Hill, pamwamba pa Braamfontein, pomwe pali ndende yakale ya Old Fort, ndende ya amayi, ndi ina yotchedwa Number Four momwe ankapanikizamo amuna akuda. Mahatma Gandhi anatsekeredwapo pano, Nelson Mandela nayenso. Khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko analimanga pamalo omwewa, linatsegulidwa mu 2004, ndipo zina mwa njerwa zake anagumula pa chipinda chomwe ankasungiramo oyembekezera kuzengedwa milandu. Munthu umachoka m'chitolokosi chopanda zenera, kuyenda pang'ono, n'kupezeka uli pakhomo la khothi.

Chimene anandibweretsera ndi gawo 9 la malamulowo. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 amaletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo, ndipo pamndandandawo pali nkhani yoti munthu amakonda amuna kapena akazi anzake. Dzikoli ndi loyamba padziko lapansi kulemba zimenezi m'malamulo ake aakulu. Mu 1998 khothi lomweli linathetsa malamulo akale omwe ankati kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu. Mu 2005 linagamula kuti kuwaletsa ukwati n'kuwalakwira, ndipo mu Novembala 2006 lamulo la Civil Union Act linayamba kugwira ntchito. South Africa inakhala dziko lachisanu padziko, loyamba mu Africa, kulola maukwati otere.

Titakhala pabenchi panja, alamu anandifotokozera za perete woyamba. Anachitika pa 13 Okutobala 1990, ndipo anayambira ku Braamfontein komweko, kumunsi kwa phiri lomwe tinakhalapo. Mandela anali atangotuluka m'ndende mu Febuluwale chaka chomwecho, tsankho lisanathe, malamulo akale aja akugwirabe ntchito. Anakonza ndi GLOW, bungwe la amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo, lomwe Simon Nkoli ndi anzake anayambitsa mu 1988. Nkoli anali womenyera ufulu wa anthu akuda, mmodzi mwa anthu 22 omwe anazengedwa mlandu woukira boma wa ku Delmas. Ali m'ndende anauza anzakewo kuti iye amakonda amuna anzake, zomwe zinautsa mkangano pakati pawo, ndipo ankanena poyera kuti sangasiyanitse kukhala wakuda ndi kukhala chomwe ali, nkhondo zonse ziwiri ndi zake. Tsiku la peretelo anabwera anthu pafupifupi 800. Anayankhula Nkoli, anayankhula Beverley Ditsie ali mtsikana wamng'ono, anayankhulanso loya Edwin Cameron, yemwe mu 2009 anadzakhala woweruza m'khothi lomwe tinali titangotulukamoli.

Ena mwa oguba tsiku limenelo anavala matumba a pepala kumutu, oboola pamaso pokha. Ankaopa kuchotsedwa ntchito, kuthamangitsidwa pakhomo, kumangidwa. Ditsie sanabise nkhope. Inaoneka pa TV, ndipo kwawo ku Soweto anakumana ndi ziopsezo.

Nkhani ya matumba ija yandikhala pamtima tsiku lonse. Nthawi imeneyo makamera anali ndi atolankhani okha, ukawaona akubwera unkatha kutembenuka. Loweruka aliyense adzakhala ndi kamera m'thumba, ine ndemwe.

Pobwerera ndinanena kuti ndiye kuno anthu ali pamtendere, malamulo onsewa ali kumbali yawo. Alamu anangopukusa mutu. Anandiuza za Eudy Simelane, yemwe ankasewera mpira m'timu ya dziko ya Banyana Banyana ndipo sankabisa kuti amakonda akazi anzake. Anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema mu Epulo 2008, malamulo onse aja alipo kale. Mu 2011, m'dera lomwelo, anaphedwanso Noxolo Nogwaza. "Lamulo lili pa phiri paja, mlamu," anatero. "Kumene anthu amakagona ndi kwina." Mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lolimbana ndi milandu yochitidwa chifukwa cha chidani, ndipo alamu akuti ndi bwino kuti lilipo, koma iwo sasiya kuyang'ana kumbuyo akamayenda usiku.

Lachisanu

Lero sitinapite kutali. Madzulo nyumba inadzaza ndi anzawo, makatoni, penti ndi timitengo togwirira zikwangwani. Onse amanditchula kuti sisi. Ndinapatsidwa ntchito yodula makatoni, poti zolemba zanga akuti zimapendekera kumanzere.

Panali mtsikana wina, namwino, yemwe wakhala akudzipereka kuyang'anira perete zaka zingapo. Amayankhula mwachidule ngati ali mu wodi. Anatsanula chikwama changa patebulo n'kuyamba kusankha. Pasipoti ikhale pakhomo, munyamule kope lake. Khadi la kubanki limodzi lokha. Botolo la madzi, chipewa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, batire yapadera ya foni, mankhwala anu a tsiku ndi tsiku ngati mumamwa. Nsapato zatsopano zomwe ndinagulira tsikuli anangoziyang'ana n'kuzikankhira pansi pa mpando. Kenako anatenga cholembera chosafufutika n'kundilemba nambala ya mlongo wanga pamkono, akuti foni imabedwa, imathima, ndipo pagulu lalikulu netiweki imakanika. Tinagwirizana malo okumanirana tikasochererana, pakhomo la siteshoni ya sitima, ndi nthawi yake. Nambala ya polisi kuno ndi 10111, ndipo pa foni yam'manja 112 imagwira.

Ndinamufunsa za chitetezo cha gulu lonse. Anandikumbutsa za 2022, pomwe ofesi ya kazembe wa America inachenjeza kuti zigawenga zitha kuukira malo odzaza anthu ku Sandton kumapeto kwa sabata yomwe Pride amachitika. Perete anachitikabe, apolisi ali mbwee, ndipo sipanachitike choopsa. Iye akuti zimene amakumana nazo chaka ndi chaka ndi zazing'ono kuposa pamenepo: wokomoka ndi dzuwa chifukwa wamwa mowa m'malo mwa madzi, wobedwa foni, wosochera. Ndiye pali olalikira otsutsa. "Sisi, mukawaona musawayankhe. Akufuna mukwiye kuti akujambuleni mutakwiya. Ntchito yoima pakati ndi yathu, ife oyang'anira perete."

Mkangano weniweni unayamba pa nkhani ya zithunzi. Pagulupo pali mnyamata wa ku Uganda yemwe akupempha malo othawirako kuno. Lamulo la South Africa la othawa kwawo, la 1998, limavomereza kuti munthu wozunzidwa chifukwa chokonda amuna kapena akazi anzake atha kupempha chitetezo, ngakhale kuti kudikira kwake n'kwa zaka. Kwawo, lamulo lomwe Pulezidenti Yoweri Museveni anasainira mu Meyi 2023 limapereka chilango chokhala m'ndende moyo wonse, ndipo pa milandu ina chilango cha imfa. Chaka chomwecho perete wa kuno anamupereka kwa anthu a ku Uganda. Mnyamatayu adzavala chophimba kukamwa ndi mphuno, magalasi akuda, chipewa ndi malaya a manja aatali obisa chipsera chomwe ali nacho pamkono. Ali ndi azichemwali ake kumudzi, akuti, ndipo chithunzi chimayenda msanga kuposa basi.

Alamu anatsutsa, osati kutsutsa iyeyo koma ganizo lonse. Akuti Pride ndi tsiku looneka. Aliyense akabisa nkhope, kapena tikaleka kujambula, ndiye tagubiranji? Mwana yemwe ali yekhayekha kumudzi wakutali amalimba mtima poona zithunzi zomwezo. Mnyamata wa ku Uganda uja anayankha modekha kuti iyenso analimba mtima ndi zithunzi, koma za anthu omwe anasankha okha kujambulidwa.

Ine ndili kumbali yake, ngakhale kuti mfundo ya alamu ndi yoona. Kuonekera kuli ndi phindu pamene mwini nkhope wasankha yekha. Ukamusankhira ndiwe, wamuulula, ndipo zotsatira zake akasenza yekha iwe uli kwanu ukuwerenga omwe akonda chithunzi chako. Pamsewu wa aliyense sungaletse atolankhani kujambula, choncho amene akuopa ayenera kudziteteza yekha. Koma zimenezo sizichotsa udindo wa ine wogwira foni. Tinagwirizana kuti pagulu lathu palibe woonetsa vidiyo pa intaneti nthawi yomweyo zinthu zikuchitika, chifukwa yotero siibwezeka. Munthu ukafuna kumujambula pafupi, umufunse, ndipo umuuze komwe chithunzicho chikupita, poti kulola kujambulidwa si kulola kuikidwa pa Facebook. Dzina la munthu usalimate pa chithunzi. Namwino uja anatizimitsira pa mafoni kachipangizo kolemba malo omwe chithunzi chajambulidwira. Safunsa anadya phula, koma apa wodya phula amakhala wina, osati wosafunsayo.

Kenako nkhani inandigwera ine. Ndinkafuna kulemba pa chikwangwani changa kuti ndimanyadira mlongo wanga. Iye anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti, "Achemwali, nkhope yanu ndi yanga. Akakuonani inu ndi mawu amenewo, andiona ine." Abale athu ena akudziwa, ena sakudziwa, ndipo akufuna adzawauze yekha ndi pakamwa pake. Tinalemba zina: palibe woyenera kuyenda yekha.

Wamng'ono pa onse, wophunzira wa chaka choyamba kukoleji yemwe amakhala ndi amalume ake, sanayankhule zambiri. Aka kakhala koyamba kupita. Anapenta mbendera yaing'ono pa katoni, n'kufunsa ngati angasiye zovala zake za mawa kuno.

Loweruka

Miyendo ikuwawa, makutu akulirabe, koma ndilembe zisanazizire.

Tinanyamuka titavala majekete pamwamba pa zovala zowala, mbendera zili m'zikwama. Ndinaona ngati n'kuchulutsa, mpaka nditaona kuti m'sitima ambiri achita chimodzimodzi: kansalu ka utawaleza kakusuzumira m'thumba, nkhope zopakidwa theka. Pamalo a perete pali apolisi ndi anzako zikwizikwi. Panjira yopita ndi yobwerera uli ndi okhawo omwe wayenda nawo. Titangotuluka pasiteshoni majekete anavulidwa, msewu wonse n'kusanduka mitundu.

Mbendera ndi zambiri kuposa momwe ndinkadziwira. Ya utawaleza anaipanga Gilbert Baker ku San Francisco mu 1978, poyamba inali ya mitundu 8, pano yatsala 6. Ina ili ndi kachigawo kosongoka kumanzere kokhala ndi mizere yakuda, yakhofi, yapinki, yoyera ndi yobiriwira ngati kumwamba, yomwe Daniel Quasar anakonza mu 2018 pofuna kuti anthu akuda ndi anthu a transgender aonekere. Anthu a transgender, omwe amakhala moyo wa mwamuna kapena mkazi mosiyana ndi momwe anawalembera pobadwa, ali ndi yawoyawo ya mitundu yofewa. Palinso ina yophatikiza utawaleza ndi mbendera ya South Africa. Pa anthu omwe sindinathe kudziwa kuti ndiwatchule bwanji, mlongo wanga anandiuza kuti ndizingofunsa dzina n'kugwiritsa ntchito lomwe andiuza. Zinayenda bwino. Mafunso ena omwe amabwera m'mutu, okhudza thupi la munthu kapena za kuchipinda, si ofunsa mlendo pamsewu, kaya ndi tsiku la Pride kaya ndi tsiku lina.

Tinaima chapakati. Kutsogolo ndi kwa eni tsiku. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ndinaona anzanga ena obwera kudzaperekeza abale akuiwala zimenezi, akukankhira kutsogolo kuti aoneke bwino pa chithunzi. Kumbuyo kwathu kunali magalimoto akuluakulu a makampani, zimkuzamawu zikugunda mpaka m'chifuwa, antchito awo atavala malaya ofanana. Alamu amadana nawo magalimoto amenewa. Anandifotokozera za 2012, pomwe amayi a gulu la One in Nine Campaign anagona pamsewu wa Jan Smuts ku Rosebank, kutsekereza perete, kupempha mphindi imodzi yokhala chete pokumbukira akazi akuda omwe anaphedwa. Okonza perete analimbana nawo m'malo mowamvera, ndipo chilondacho sichinapolebe. Mpaka lero ena sabwera kuno, amakonda Soweto Pride, yemwe bungwe la Forum for the Empowerment of Women linayambitsa mu 2004 ndipo amaguba m'misewu yomwe anthu amakhalamodi. Sindine woyenera kuweruza mlandu umenewu. Ndinangoona kuti kagulu konyamula zikwangwani za mayina a ophedwa kakamadutsa, ovina ena ankaleka kuvina n'kuvula zipewa, ena osaona n'komwe.

Ndiye tinanyamuka. Sindinayembekezere kuti kuimba kudzakhala kotere. Nyimbo za nthawi yomenyera ufulu, kupondaponda kwa toyi-toyi, mluzu, nthungululu. Panali abusa atavala makolala awo, panali amayi achikulire atagwirana manja ndi ana awo. Mlongo wanga anagwira dzanja la alamu pamsewu, masana, anthu akuona. Sindinawaonepo akuchita zimenezi panja. Dzanja linalo anagwira ine, ndipo tinayenda choncho mtunda wautali osayankhulana.

Olalikira aja tinawapeza pamphambano ina, anthu ochepa, chimkuzamawu chimodzi. Mavesi omwe ankawerenga ndimawadziwa, ndi ena owayankhira ndimawadziwanso, ndipo lilime linandiyabwa. Oyang'anira perete anali ataima kale mzere, misana kwa olalikira, nkhope kwa ife, manja akutikodola kuti tizipita. Mnyamata wina anapatuka kuti akakangane nawo, anzake awiri n'kumukoka mwaulemu. Mmodzi mwa olalikirawo anali atakweza foni m'mwamba, akujambula nkhope za odutsa mmodzimmodzi. Mnyamata wa ku Uganda anatsitsa chipewa n'kusinthira mbali inayo ya gulu, ife n'kumutchinga.

Zina zomwe zinandinyansa sizinachokere kwa otsutsa. Panali amuna ovala ngati mafumukazi, mawigi aatali, nsapato zazitali zoti ine sindingayende nazo masitepe atatu. Mayi wina, mwachisangalalo ndithu, anathamangira mmodzi n'kumugwira pachifuwa kuti amve ngati n'zenizeni, mnzake akujambula. Wovalayo anamuchotsa dzanja n'kumuuza kuti apemphe kaye. Mayiyo anakhumudwa ngati walakwiridwa ndi iye. Munthu kuvala mochititsa chidwi sikuti wapereka thupi lake kwa gulu. Chimodzimodzi ndi njinga za olumala: ndinaona wina atatsamira njinga ya munthu ngati mpanda, wina n'kuyamba kuikankha mwini wake asanapemphe.

Cha m'ma 1 koloko dzuwa linafika poipa. Mtsikana wina patsogolo pathu anagwa. Apa ndinayamikira gulu: anthu anatalikira n'kupanga bwalo, wina anakweza manja kuitana oyang'anira perete, wina anamutchingira dzuwa ndi mbendera, ndipo sindinaone wotulutsa foni. Achipatala anafika msanga. Kuyambira pamenepo ndinkamwa madzi ngakhale ndisakumva ludzu.

Mtolankhani wina anandipeza ndi maikolofoni, atawerenga chikwangwani changa, n'kufunsa kuti ndabwera ndi ndani. Ndinayang'ana mlongo wanga, iye anapukusa mutu pang'ono, ine n'kuyankha kuti zikomo koma ayi. Alamu ndi amene anayankhula naye, nkhope poyera, dzina lawo lonse, mosangalala.

Wophunzira uja anayamba tsiku atavala chophimba kumaso. Pofika kumalo omalizira, komwe kunali nsanja ndi oimba, anali atachivula chifukwa cha kutentha, akuvina pakati pa bwalo, anthu akumuombera m'manja. Sindinaonepo mwana wosangalala chotero. Namwino anamunong'oneza kuti mafoni ali m'mwamba, iye anati akudziwa, kwa lero lokha.

Mitambo inayamba kuda cha m'ma 4 koloko. Ziphaliwali za kuno si zoseweretsa, ndiye onyamula mbendera pa ndodo zachitsulo anauzidwa kuti azitsitse, ife n'kuthawira pansi pa denga mpaka itadutsa. Tisanachoke tinatola mabotolo ndi makatoni athu, kupukuta zonyezimira kumaso ndi kuvalanso majekete. Anyamata ena anapitirira ku madansi a usiku. Namwino anawatsazika ndi mawu ake achidule aja: chakumwa chako usachisiye patebulo, mwapita limodzi mubwerere limodzi, ndipo munthu wokumana naye usikuuno pa Grindr, pulogalamu ya pa foni yopezerana zibwenzi amuna okhaokha, usamutsatire kunyumba kwake. Apolisi a kuno akhala akumanga magulu omwe amakopa amuna pa pulogalamu imeneyi, n'kuwagwira, kuwamenya ndi kuwalanda ndalama. Omwe anaitanitsa galimoto pa foni anayamba ayerekeza nambala ya galimoto ndi yomwe yalembedwa, ndipo aliyense atafika analemba pagulu la WhatsApp kuti wafika. Womaliza walemba posachedwapa.

Lamlungu

Tinadzuka mochedwa n'kukhala pansi kusankha zithunzi. Zanga zambiri ndi za misana, mbendera, mapazi ndi zikwangwani. Zomwe zili ndi nkhope za anthu osawadziwa kumbuyo tazidula kapena kuziphimba. Chomwe tili atatu, ine, mlongo wanga ndi alamu, chikhala m'mafoni mwathu mpaka iye adzanene.

Cha kumasana wophunzira uja anaimba foni mawu akunjenjemera. Munthu wina wosamudziwa waika vidiyo yake akuvina pa TikTok, ndi mawu omuyamikira, ndipo anthu ambiri aionera kale. Msuweni wake wamutumizira n'kufunsa ngati ndi iyeyo. Woikayo sanali ndi cholinga choipa, zikuoneka kuti anangosangalala ndi kavinidwe.

Gulu lonse linagwira ntchito. Alamu, omwe Lachisanu ankatsutsa zobisa nkhope, ndi amene analembera mwini vidiyo uthenga woyamba, mwaulemu, kufotokoza kuti mnyamatayo kwawo sakudziwa. Ena anaidandaulira ku kampaniyo. Patapita maola angapo mwini wake anayankha mopepesa n'kuichotsa. Koma msuweni uja anali ataisunga kale m'foni mwake, ndipo sitikudziwa kuti watumizira ndani.

Mnyamatayo wabwera madzulo ano ndi kachikwama. Akuti sakunong'oneza bondo kuti anavina. Chomwe chikumuwawa n'chakuti ankafuna adzawauze amalume ake yekha akadzamaliza mayeso, popeza ndi omwe amamulipirira sukulu. Namwino wamupatsa nambala za mabungwe omwe amapereka uphungu ndi thandizo la malamulo, ndipo mlongo wanga akuti amuperekeza ngati asankha kukayankhula nawo amalumewo nkhani isanawapeze kudzera kwa ena. Sanasankhebe. Usiku uno agona pa sofa. Ine ndege yanga ndi ya mawa m'mawa, ndiye ndachapa kale zofunda za m'chipinda chomwe ndimagonamo, kuti zikavuta kwa amalume alowemo iye.